Kompyuta Imene Ndinamanga Ndisanafunse Munthu

Ntchito yanga ndi yojambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Blantyre. Loweruka ndimaswera ndi kamera paphewa, kuyambira kutchalitchi mpaka kuholo, ndipo masiku otsatirawo ndimakhala pansi n'kumadula ndi kulumikiza zimene ndajambulazo. Kwa zaka zinayi zonsezi ndinkachitira pa laputopu yakale. Ikafika nthawi yotulutsa filimu, kumene anzanga a ntchitoyi amati kurenda, ndinkaisiya usiku wonse, m'mawa n'kuipeza yatentha ngati mbaula ntchito isanathe. Eni maukwati ankadikira mwezi wathunthu, ena n'kuyamba kupita kwa anzanga.

N'chifukwa chake mu 2023 ndinaganiza zomanga kompyuta yapatebulo, yogula chiwalo chilichonse pachokha. Ganizoli silinali loipa. Pa ndalama zomwezo, kompyuta yotere imakhala yamphamvu kuposa laputopu, imazizira bwino, ndipo chiwalo chimodzi chikafa umangosintha chomwecho. Ndinatha milungu iwiri ndikuonera mavidiyo pa YouTube, kenako ndinalemba mndandanda: purosesa ya AMD ya Ryzen 5 7600, motherboard ya B650, RAM ya DDR5 yokwana 32GB, graphics card ya RTX 3060, SSD ya 1TB, power supply ya 650W, disiki yachiwiri yosungirapo ntchito, ndi UPS yoti igwirizize magetsi akathima. Mndandanda umenewu unali wabwino. Ndinauwononga ndekha usiku umodzi.

Ndalama zina zinali zanga, zina anatenga mayi a kunyumba ku banki m'khonde, m'dzina lawo. Tinagwirizana kuti alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg akatigulire zinthuzo. Tisanatumize ndalamazo, mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imene inali pa K1,180 kapena chapompo inafika cha pa K1,700, ndipo randi inakwera nayo. Ndalama zathu zinali zomwe zija m'manja, koma sizikanagulanso mndandanda uja wonse. Mtima unandithamanga. Ndinkaopa kuti ndikachedwa sabata ina zitsikanso.

Usiku umenewo ndinatenga cholembera n'kuyamba kudula. UPS ndinaichotsa. Disiki yachiwiri ndinaichotsa. Power supply ndinati ndikaipeza yotchipa konkuno. Purosesa ndinatsika n'kulemba Ryzen 5 5600, ndipo motherboard ndinasankha ya B450 yotsika mtengo kuposa zonse zimene ndinaziona. Mzere wa RAM sindinaukhudze, chifukwa mtengo wake sunandiopse. Cha m'ma 1 koloko usiku ndinatumiza mndandandawo pa WhatsApp.

Patapita masiku awiri alamu anaimba ali m'sitolo.

"Alamu, wogulitsa kuno akuti ndikufunseni ngati mndandandawu mwauonetsetsa. Akuti pali zina sizikugwirizana."

"Alamu, ameneyo akungofuna mugule zodula. Tengani zimene ndalembazo, ndikudziwa chimene ndikuchita."

Alamu anga ndi munthu waulemu, ndipo za makompyuta sadziwa. Anagula ndendende zimene ndinalemba. Katunduyo anamupereka kwa a thiransipoti, anadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ndipo ndinakamulandira pa Wenela. Amene anagulapo chinthu kudzera njira imeneyi akudziwa kuti chikafika chafika. Kuchibweza kusitolo kumadya ndalama zoposa mtengo wake.

Madzulo amenewo ndinayala zonse patebulo, ana ataunjikana pakhomo kuonerera. Purosesa inalowa bwinobwino. Nditatenga RAM kuti ndiilowetse, inakana. Ndinaitembenuza, inakananso. Pa YouTube ndinali nditamva kuti RAM imafuna kukanikiza mpaka imveke kuti "tcha", ndiye ndinakanikiza ndi zala zonse ziwiri zazikulu. Chinamveka ndi kachogwirira kapulasitiki kakumapeto kwa mpatawo, katathyoka.

Zoona zake n'zakuti DDR4 ndi DDR5 n'zofanana kutalika, ndipo zonse zili ndi timano 288, koma kamphako kapakati kali pamalo osiyana. Opanga anachita dala kuti munthu asalowetse yolakwika. Ryzen 5 7600 imakhala pa soketi ya AM5, imene inabwera mu 2022 ndipo imagwira ndi DDR5 yokha. Ryzen 5 5600 ndi ya soketi yakale ya AM4, ya mu 2016, ndipo ma motherboard ake ndi a DDR4. Posintha purosesa ndinasamuka mudzi wonse, koma RAM ndinaisiya kumudzi wakale. Izi ndi zimene wogulitsa uja ankafuna kundiuza.

Mayi a kunyumba atandifunsa kuti zikuyenda bwanji, ndinati kwangotsala kachingwe kamodzi. Limenelo linali bodza loyamba. M'mawa mwake ndinapita ku Limbe, n'kugula DDR4 pa mtengo watsopano wa kwacha itagwa, ndipo DDR5 ija ndinaigulitsa motaya kwa munthu woyamba amene anaifuna. Komweko ndinagulanso power supply yogwiritsidwa kale ntchito, yopanda dzina lodziwika, yolembedwa 500W ndi zilembo zikuluzikulu. Inalibe chingwe cha mapini 8 chimene graphics card imafuna, choncho ndinagula kachingwe kolumikizira.

Nditayatsa, mafani anazungulira, timagetsi tinawala, koma sikirini inangokhala bii. Ndinali nditalumikiza chingwe cha HDMI ku motherboard, poti purosesa ya pamndandanda woyamba ija imatha kuonetsa zithunzi payokha. Ryzen 5 5600 siitha. M'banja limenelo imene imatha ndi ya chilembo cha G kumapeto, monga 5600G. Nditazindikira, ndinasamutsira chingwecho ku graphics card. Mdima unali womwewo. Ndinayesa mpaka pakati pa usiku, kenako ndinaganiza kuti purosesa sinakhale bwino. Ndinamasula fani yake n'kuikoka molunjika. Phala lotuwa limene amapaka pakati pa ziwirizi linali litagwira, ndipo purosesa inazuka pamodzi ndi faniyo, loko wa soketi asanatsegulidwe. Poimatula inandipulumuka n'kugwera patebulo. Purosesa ya AM4 ili ndi timapini 1,331 kunsi kwake, tating'ono ngati tsitsi. Pakona imodzi tingapo tinali titagona.

Ndinakhala pampando ndili chete kwa nthawi yaitali. Kachinthu kochepa ngati bokosi la machesi kanali m'dzanja langa, ndipo ngongole yake inali m'buku la amayi a banki m'khonde, pa dzina la mkazi wanga.

Ku Limbe kuli mnyamata wina wokonza makompyuta m'kachipinda kakang'ono. Ndisanatumize ndalama zija ndinali nditamuuzako za ganizo langa, ndipo iye anati ndidzabwere ndi mndandanda tidzauonere limodzi. Sindinapite. Ndinkaona kuti ndi mwana, ndipo sindinkafuna kuti aone pamene sindidziwa. Tsopano ndinapita, katundu yense ali m'katoni.

Sanandiseke, ndiponso sanandikumbutse. Anatenga galasi lokulitsa zinthu, lezala ndi singano, n'kuyamba kudzutsa timapini tija kamodzikamodzi, masana onse. Atamaliza anandifotokozera chimene chinkachititsa mdima uja. Ma motherboard a B450 anayamba kutuluka mu 2018, pamene mapurosesa a Ryzen 5000 anabwera kumapeto kwa 2020. Motherboard yanga inali itakhalitsa m'sitolo, ndipo BIOS yake, kapulogalamu kamene kamadzutsa makinawo Windows isanayambe, sinkaidziwa purosesa yatsopanoyo. Ma motherboard ena ali ndi batani kumbuyo loti uike BIOS yatsopano popanda purosesa, koma yanga yotchipayo inalibe. Anatulutsa Ryzen 3 2200G yakale m'dirowa, anaiika, anasintha BIOS kuchokera pa fulashi, kenako n'kubwezeramo yanga ija. Sikirini inawala. Purosesa inalibe vuto kuyambira pachiyambi, ndipo ndinatsala pang'ono kuipha chifukwa cha chinthu chongofuna mphindi khumi.

Ndikulongedza kuti ndizipita, ananyamula power supply ija n'kuiyeza m'dzanja.

"Achimwene, ichi musachiikemo. Mwachimva kupepuka kwake?"

Anandionetsa timalemba tating'ono pambali pake. Purosesa ndi graphics card zimadya magetsi a 12V, ndipo pamzere wa 12V nambala yake inali kutali kwambiri ndi 500 uja. RTX 3060 payokha imafuna 170W, ndipo eni ake a Nvidia amalangiza power supply ya 550W. Anandiuzanso kuti yabwino imakhala ndi zotetezera, moti magetsi akalakwika imadzizimitsa yokha, pomwe yotereyi ikamafa siifa yokha.

"Ndamva achimwene, ndisintha mwezi ukatha."

Sindinasinthe. December ndi mwezi wa maukwati, ndipo kompyutayo inkachita zodabwitsa. Filimu imene laputopu inkagona nayo usiku wonse inkatuluka ola lisanathe. Kawiri konse inazima yokha ili mkati morenda, ndipo kawiri konseko ndinangoiyatsanso n'kupitiriza. Ndalama zimene zinkalowa ndinkathamangira nazo kotseka maenje amene ndinakumba mobisa.

Loweruka lina ndinajambula ukwati wa achinyamata awiri a mumpingo wathu. Usiku ndinakopera zonse pa SSD ija. Lamlungu ndinali ndi chinkhoswe, makhadi a kamera anali ochepa, choncho limodzi ndinalifufuta n'kujambulirapo zatsopano. Lolemba usiku, ndili mkati motulutsa filimu ya ukwatiwo, magetsi anathima n'kubwereranso nthawi yomweyo. Ndinamva kuphulika kumbuyo kwa bokosi, kenako fungo la waya wopsa linadzaza chipinda.

Mnyamata wa ku Limbe uja atayesa chiwalo chilichonse, anapeza kuti purosesa, RAM ndi graphics card zapulumuka. Power supply inali itapsa, ndipo inapita ndi SSD. Anaiyesa pa makompyuta atatu, yonse sinaione n'komwe. Za kutchalitchi zinali zikadali pa khadi lina. Zimene zinali pa khadi lofufutidwa lija zinali za kuholo: kulowa kwa akwati, kudula keke, perekaniperekani yense, ndi agogo a mkwatibwi amene anachokera ku Ntcheu, amene anadzuka ndi ndodo yawo n'kuvina ndi mdzukulu wawo holo yonse itaimirira. Fayilo yofufutidwa nthawi zina imabwezeka, koma osati pamene wajambulapo zina pamwamba pake. Madzi akatayika saoleka.

Usiku umenewo ndinawauza mayi a kunyumba zonse, kuyambira pa foni ya alamu ija. Anamvetsera osandidula mawu.

"Bambo, ndalamazo tibweza, ngakhale pang'onopang'ono. Chikundiwawa n'choti mwezi wonsewu ndakhala ndikuwauza amayi anzanga kuti zinthu zikuyenda, inu mukudziwa kuti sizikuyenda. Mukanandiuza tsiku loyamba lija, power supply imeneyo tikanagula."

Ankanena zoona. Mtengo wa power supply yabwino unali wochepa poyerekeza ndi zimene ndinataya pobisa.

Kwa eni ukwati tinapita limodzi. Ndinalankhula pamaso pa akwatiwo ndi ankhoswe awo, ndipo sindinanamizire magetsi, chifukwa magetsi amathima kwa aliyense ndipo ine ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkachotsa UPS pamndandanda. Ndinawauza kuti ndinasunga ukwati wawo pamalo amodzi okha, m'makina amene ndinachenjezedwa kuti ali ndi chiwalo choopsa. Mkwati anakwiya, ndipo anayenera kutero. Mkwatibwi anangofunsa funso limodzi: "Ndiye kuti agogo aja mulibemo?" Ndinalibe choyankha.

Ndinabweza ndalama zawo zonse, ndipo ndinapempha kuti andilole kuyesa njira ina. Kwa milungu itatu ndinayenda kwa anthu amene anali kuholoko, kupempha zimene anajambula pa mafoni awo. Ndinapeza tizidutswa tambirimbiri, tina togwedera, tina topendekera, tina tongomveka phokoso la zokuzira mawu. Mtsikana wina wa m'kwaya anali atajambula agogo aja kwa masekondi 40, mitu ya anthu ikutchinga kutsogolo. Kachidutswa kameneko ndinakalumikiza mosamala kuposa china chilichonse chimene ndinalumikizapo.

Kompyutayo ilipo mpaka lero, ndipo ndi imene ikutidyetsa. Ili ndi power supply ya 650W ya chizindikiro cha 80 Plus Bronze, ili pa UPS, ndipo khadi la kamera sindilifufuta ntchito isanakhale pa madisiki awiri. Mpata wa RAM wothyoka uja ukadali wothyoka. Anzanga a kamera akandifunsa za kumanga kompyuta, ndimawauza kuti ayambe ndi soketi, chifukwa ndiyo imalamula motherboard ndi mtundu wa RAM. Atsegule tsamba la opanga motherboard aone ngati purosesa yawo ilipo ndiponso BIOS imene ikufunika. Ndipo ndalama zikachepa, atsitse graphics card kapena adikire mwezi wina, koma power supply ndi disiki yachiwiri asazikhudze. Akasintha chinthu chimodzi pamndandanda, awerengenso mndandanda wonse kuyambira pamwamba, kenako akauonetse kwa munthu amene amagwira zinthuzi tsiku ndi tsiku, kaya ndi wamng'ono kwa iwo.

Filimu ija ndinakaipereka mu January 2024. Tinaionera limodzi pabalaza pawo. Itafika pa agogo aja, mkwatibwi anapempha kuti ndibwezere, ndipo ndinabwezera katatu. Kenako anandifunsa ngati pa kamera yanga nkhope ya agogowo inkaoneka bwino. Ndinamuuza zoona, kuti inkaoneka bwino kwambiri, chifukwa ndinali nditagwada patsogolo pawo penipeni.