Kachilembo Kamodzi Pakhonde ku Limbe

Lachiwiri m'mawa mvula inandithamangitsira pakhonde la kashopu kotayipa makalata ku Limbe. M'katimo mtsikana wina, envulopu yakhaki ili pachifuwa, ankatayipitsa kalata yofunsira ntchito. Wotayipa anawerenga mokweza, mwamatama ndithu: "I am a 18-year-old girl."

"Ikapo an pamenepo," anatero madala ena okonza mawotchi pakhondepo, kagalasi kali padiso, mutu osadzutsa n'komwe.

"Aaa madala, 18 ndi nambala. Vawelo mwaiona pati?"

"Taitchula."

"Eyitini."

"Wayamba ndi chiyani? Mlanduwu amaweruza ndi khutu, mwanawe, osati diso. An 8, an 18, an 80. Koma 28 ndi a, poti twente akuyamba ndi t."

Mnyamata wogulitsa mayunitsi, amene sanaitanidwe ndi munthu, analowererapo. Ati ndiye khanda la chaka chimodzi ndi an one-year-old, si one amayamba ndi o?

"Wani! Milomo yakoyo yayamba ndi w. N'chifukwa chake timati a university koma an hour."

Mfanayo anangoti "eti," nkuyamba kuwerenga makadi ake ngati alipo wamubera.

Apa mtsikana uja, yemwe anali chete nthawi yonseyi, anafunsa motsitsa mawu: "Nanga agogo, mng'ono wanga wa zaka leveni?"

Madala aja anachotsa kagalasi.

Ine ndinasendera pafupi, poti funsolo linali la nzeru kuposa onse. Manambala timatchula m'Chingerezi tsiku lililonse, pamsika ndi m'minibasi momwe, koma tinawaphika mumphika wathu. Eleven tinamudula mutu, anasanduka leveni. Ndiye ukamuuza mwana kuti amvere khutu lake, khutulo limva l, iye alemba a 11-year-old ndi mtima woyera, wochonga mayeso a MSCE nkumudula ndi cholembera chofiira. Lamulolo ndi la khutu, inde, koma khutu la eni chinenero. Komanso kwathu kuno a sitimuopa, ndi waulemu: a Phiri, a Banda. Dzanja limangomulemba lokha.

"Ameneyo ndi an," anatero madalawo patapita kanthawi. "E uja alipo, tinangomumeza."

Wotayipa anawonjezera n mmodzi, makina nkulavula pepala lina. Kenaka anatambasula dzanja, ati mapepala akwana awiri.

"Loyambalo walakwitsa ndani?" anafunsa mtsikanayo, chikwama chili chotseka.

Mvula inakata adakakanganabe, madala atabwerera kale ku wotchi yawo.