Khoswe wa pa mkhate ndi akatswiri a zaupandu

Makolo athu sanalembe mayeso pa yunivesite iliyonse, koma maphunziro onse a zaupandu anawamaliza m'mawu asanu: khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Amene anagonapo m'nyumba ya makoswe akudziwa. Wakuba chimanga uja mwamuona, chibonga chili m'manja, ana atseka chitseko, koma iye wakwera pa mkhate womwe agogo anaumba, wakhala phee, akupukuta ndevu. Mukaponya chibonga, khoswe mwina afa mwina athawa, koma mkhate ndiye usweka ndithu. Ndiye mumatsitsa mkono n'kuyamba kumuyankhula mwaulemu.

Ku Ulaya ndi ku America, anthu ophunzira atha zaka zoposa 200 akulemba mabuku ofunsa chifukwa chimene munthu amaphwanyira malamulo. Nthawi zambiri akhala akufufuza makoswe a pansi, amene chibonga chinawapeza kale.

Tiyambe ndi Cesare Lombroso, dokotala wa ku Italy. Mu 1876 anatulutsa buku lonena kuti chigawenga chimachita kubadwa nacho, ndipo mungachizindikire pongochiyang'ana: nsagwada zikuluzikulu, makutu otambalala, mikono yaitali. Bamboyu ankayenda m'ndende akuyeza mitu ya akaidi amoyo ndi zigaza za akufa. Akanafika pa maliro a kwathu, theka la adzukulu pamodzi ndi amalume anga onse akanagona m'chitokosi. Mu 1913 dokotala wa ndende ku England, Charles Goring, anayerekeza akaidi pafupifupi 3,000 ndi asilikali komanso ophunzira a ku Oxford ndi Cambridge, napeza kuti mutu wa chigawenga kulibe. Lero mafupa a Lombroso mwiniwake ali m'nyumba yosungira zakale ku Turin, limodzi ndi zigaza zimene anatolera. Wofuna kumuyang'ana nsagwada apite akadzionere.

Mu 1982 James Q. Wilson ndi George Kelling anabwera ndi nzeru ya mawindo osweka. Akuti windo limodzi likasweka osakonzedwa, odutsa amaona kuti pano palibe mwini, ndipo posakhalitsa mawindo onse atha. Choncho apolisi azithana ndi tizolakwa ting'onoting'ono zikuluzikulu zisanabwere. Nzeruyo si yopusa, aliyense amene anaona dzala likubadwa pakona ya msewu avomereza. Koma ku New York itafika m'manja mwa apolisi m'zaka za m'ma 1990, ogwidwa anali okwera sitima osalipira, okodza m'tinjira, ndi otsuka magalasi a galimoto pa maloboti. Mu 2011 mokha apolisi a mzindawo anaimitsa anthu mumsewu maulendo oposa 685,000, ambiri mwa iwo akuda ndi a Latino, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse anawasiya apite chifukwa analibe mlandu. Upandu unatsikadi ku New York, kungoti unatsikanso m'mizinda ina imene sinatsate njirayi, ndipo akatswiri akukanganabe za chimene chinautsitsa.

Ife tisaseke kwambiri. Vakabu yomwe atsamunda anatisiyira inali yomweyo: woyenda pansi usiku afotokoze kumene akupita, wa pa galimoto adutse. Zinatengera wogulitsa majumbo wina, amene anagwidwa mbandakucha akupita kukagulitsa malonda ake ku Limbe, kuti Bwalo Lalikulu ligamule mu 2017 kuti gawo lina la lamulo la vakabu likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino.

Chibonga chikazolowera pansi, ndende zimadzaza. Pofika 2008 America inali itatsekera anthu pafupifupi 2.3 miliyoni. Ku California anakhazikitsa lamulo mu 1994 loti wopalamula kachitatu, ngati milandu iwiri yoyamba inali yaikulu, akhale m'ndende zaka zosachepera 25, mwinanso moyo wake wonse. Leandro Andrade, yemwe anali ndi milandu yakale yothyola nyumba, anaba matepi a vidiyo asanu ndi anayi m'masitolo awiri a Kmart mu 1995, a ndalama pafupifupi madola 150. Anamupatsa zaka zosachepera 50. Mu 2003 bwalo lalikulu kwambiri la America linati chilangocho chikhale choncho, oweruza asanu kuvomera, anayi kukana.

Tsopano tikweze maso pa mkhate. Mu December 2012 banki ya HSBC inavomera kuti ndalama zosachepera madola 881 miliyoni za magulu ogulitsa mankhwala ozunguza bongo a ku Mexico ndi Colombia zinadutsa mwa iyo. Ofufuza a boma la America anapeza kuti zigawengazo zinkabweretsa ndalama m'mabokosi opangidwa mwapadera kuti azikwanira bwinobwino pa kawindo ka wolandira ndalama. Taonani ulemu umenewo, kuyamba mwayeza windo la mnzanu kuti musamuvutitse. Windo ili silinasweke, choncho nzeru ya Wilson ndi Kelling inalibe nalo kanthu. Bankiyo inalipira chindapusa cha madola 1.9 biliyoni, ndipo palibe bwana wake amene anagona m'ndende pa nkhaniyi. Mu March 2013 mkulu wa zamalamulo m'boma la America, Eric Holder, anauza aphungu a Senate kuti mabanki ena anakula kwambiri moti kuwaimba mlandu n'kovuta, poopa kugwedeza chuma cha dzikolo ndi cha dziko lonse lapansi. Mwambi wa agogo uja anaunena munthu wa suti, pa maikolofoni.

Sindikunena kuti mkhate ndi wabodza. Banki ikagwa, amagwa nayo mlonda, kalaliki ndi mayi wa penshoni. Chovuta n'chakuti makoswe nawo amamvera wailesi. Kale mu 1764 Cesare Beccaria anaphunzitsa kuti chimene chimaletsa munthu kulakwa si kukula kwa chilango koma kudziwa kuti sichimuphonya. Nanga amene akudziwa kuti chimuphonya nthawi zonse? Ameneyo sathawanso, amaitana ndi abale ake.

Katswiri mmodzi amene anayang'anadi m'mwamba ndi Edwin Sutherland. Mu 1939 anauza anzake kuti nzeru zawo zonse zoti upandu umabadwa mu umphawi ndi m'mabanja osweka zinachokera pa kuwerenga akaidi okha, pamene akuba a kolala yoyera sanawerengedwe. Anafufuza makampani akuluakulu 70 a ku America ndipo anapeza zigamulo 980 zowatsutsa, kutanthauza kuti pogawa, kampani iliyonse inalakwa ka 14. California ikanakhala ikuwerengera makampani, ambiri mwa iwo akanatsekeredwa kangapo.

Buku lake litafika poti lisindikizidwe mu 1949, osindikiza anaopa kusumiridwa, ndipo mayina a makampaniwo anachotsedwa. Sutherland anamwalira mu 1950. Buku lokhala ndi mayina onse linatuluka mu 1983.