Ndinakwera phiri n'kubwerako chimanjamanja

Cape Town

Asuweni,

Ine kuno ndilipo, koma miyendo yandiukira. Lero ndi tsiku lachitatu ndikuyenda chammbali ngati nkhanu.

Abwana amene ndimawasamalira maluwa aja anandiuza kuti Loweruka khasu ndilisiye, tikayende. Ndinafunsa kuti tikukatenga chiyani. Akuti palibe. Nanga tikukaona ndani, kuli matenda? Akutinso ayi. Asuweni, kuno munthu amadzuka m'bandakucha, kulipira ndalama pachipata, kukwera phiri tsiku lonse, n'kubwerako chimanjamanja uku akumwetulira. Ife tinkakwera chitunda cha ku Bembeke kukasenza kachewere, ndipo palibe anatijambulapo.

Phiri lake ndi Table Mountain, limene boma linalisandutsa malo otetezedwa mu 1998. Tinayambira m'munda wa maluwa wa Kirstenbosch, n'kulowa kanjira kotchedwa Skeleton Gorge. Nditafunsa tanthauzo, anati chigwa cha mafupa a munthu. Pomwepo ndinayamba kuwerengera ndalama yonyamulira maliro kuchoka kuno kukafika kwathu ku Mtakataka.

Poyamba ndi nkhalango yowirira, yozizira, ya mdima ngati kumanda. Inandikumbutsa nkhalango ya Mua-Livulezi m'mene inalili tili ana, makala asanavute. Koma chimene chinandipweteka mtima ndi nkhuni. Zikuni zouma gwa, zongogona m'mbali mwa njira, zikuola popanda mwini! Dzanja linapita lokha. Abwana anati ngakhale kamtengo kotokosera m'mano sikatuluka muno. Ndinaganiza za azakhali amene amayenda mtunda wonse uja chifukwa cha mtolo umodzi, ndipo ndinazidutsa nkhunizo ngati ndikudutsa nyama pa maliro a eni. Kutsogolo njira inatha, panabwera makwerero amatabwa otsamira pathanthwe, kenako kukwawa m'miyala ya mumtsinje. Madzi ake ndi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Akuti ndi mizu ndi masamba a zitsamba zam'phirimo zimene zimawadetsa choncho. Ndinamwa. Shuga ndiye munalibe.

Titatulukira pamwamba, mitengo inatheratu. Kumeneko ndi tchire la zitsamba zolekeza m'chiuno, za timasamba ting'onoting'ono tolimba, zimene eni ake amati fynbos. Inu mukanati ndi malo ofunika kuswa mphanje, koma anthu amachoka ku Ulaya kudzagwada pansi n'kumajambula. Muli duwa lina lalikulu ngati mbale ya nsima, dzina lake protea, ndipo ndi duwa la dziko lino. Chodabwitsa n'chakuti tchire limeneli limafuna moto: mbewu zina sizimera mpaka zitamva utsi. Ndinati ndiye anyamata osaka mbewa akwathu aja kuno akanalembedwa ntchito. Abwana sanaseke. Anandikumbutsa kuti mu 2021 moto wa m'phiri lomweli unatsika n'kutentha laibulale ya pa yunivesite ya Cape Town. Ndinatseka pakamwa.

Pamwamba pomwepo pali damu lomangidwa mu 1904, la mchenga woyera mbee ngati kunyanja kwathu. Bwato palibe, woyanika usipa palibe. Mchenga wonsewo ukungowonongeka.

Tsopano imvani pamene ndinachitira manyazi. Kupitirira pamenepo pali dambo, ndipo anayalapo matabwa kuti anthu aziponda. Ine mwana wobadwira kuchigwa, wokulira m'matope a mpunga, andiyalire matabwa ngati mkwatibwi? Ndinati ndiwaonetse abwana mayendedwe a padambo. Phazi loyamba, bwino. Lachiwiri, phwa! Mwendo unalowa mpaka m'bondo. Pozula, unatuluka wokha, nsapato itatsala pansi. Nsapato yake ndi yatsopano ija ndinakutumizirani chithunzi, imene ndinkati ndidzatsike nayo basi pa Khirisimasi kuti anthu adziwe kuti munthu wabwera kuchokera ku Joni. Abwana anathamanga nkhope ili gwaa, ine n'kumati koma mzunguyu amandikonda. Anafika n'kugwada, kuyamba kudzutsa timaudzu timene ndinaponda. Nsapato ndinaivuula ndekha, mkono wonse m'matope. Yatuluka, koma siidzaonanso Khirisimasi.

Pansonga penipeni pali mulu wa miyala wotchedwa Maclear's Beacon, mamita 1,086 kuchokera pa nyanja yamchere. Ndinaseka chamumtima, poti ngakhale pa boma pa Dedza, pamene amayi amangokhala n'kumagulitsa tomato, m'pokwera kuposa apa. Koma dzinalo linandigwira. Thomas Maclear anali katswiri wa nyenyezi kuno, mnzake wa David Livingstone, ndipo Cape Maclear yathu ija, ya njira ya ku Golomoti kupita ku Monkey Bay, Livingstone anaitcha dzina la munthu yemweyu. Ndinawauza abwana kuti mwini muluwu kwathu ali ndi gombe lonse. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, iwo ndiwo anafunsa mafunso, ine ndikuyankha.

Kenako kunagwa chifunga, mphepo yozizira ngati ya mu Juni ku Dedza. Tinafulumira kupita kokwerera chikepe choyenda pa chingwe. Kumeneko kuli mbira zonenepa, zosaopa munthu, zongokhala pamwala kukuyang'ana m'maso. Ndiwo yonse ija, asuweni! Mchira zilibe ndithu, ngati zakwathu, zikuoneka kuti nazonso zinatumiza. Za chikepecho musandifunse, ndinatsika maso ali otseka, ndikupemphera korona.

Ndalama ya feteleza ndatumiza, koma yaperewera pang'ono chifukwa cha nsapato. Amayi muwauze kuti katundu wakwera mtengo kuno, za dambo zija zikhale pakati pa inu ndi ine. Abwana akuti mwezi wamawa tikakwerenso phiri lina. Ndawauza kuti tsiku limenelo ndidzadwala malungo.

Moni kwa onse,
Ndine msuweni wanu.