Pang'onopang'ono ndi Thukuta Chabe

Amene anapeka mwambi wakuti pang'onopang'ono ndi mtolo sanapopepo tayala la njinga lopanda chubu. Mphwanga wabwera nayo njinga yotere kuchokera ku Johannesburg, yokwerera mapiri, ndipo atangosintha tayala lakumbuyo tinaonera zisudzo pakhonde: mnyamata wadzitho, pampu ili m'manja, thukuta lili kamukamu, tayala lili phwa osasuntha.

Tayala lamtunduwu silisunga mpweya pokhapokha milomo yake iwiri itakanirira m'mphepete mwa limu, ndipo chimene chimakankhira milomoyo kumeneko ndi mpweya womwewo. Kuti mpweya ukhale, tayala litseke. Kuti tayala litseke, mpweya ukhale. Kampweya kamene pampu yalowetsa kamathawira m'mbali mkono usanabwerere n'komwe. Popani mpaka nkhuku zilowe m'khola, mtolo simuuona.

Anayambitsa matayala amenewa pa njinga zamapiri ndi a Mavic a ku France mu 1999, mothandizana ndi a Michelin ndi a Hutchinson. Kenako Stan Koziatek wa ku America anatchukitsa madzi a utomoni wa labala othira m'tayala, amene amathamangira pabowo n'kuuma pomwepo. Apa sindiseka ayi. Aliyense amene anakhalapo pansi pa mtengo kudikira kuti guluu wa chigamba aume angakonde tayala lodzimata lokha likaponda minga. Vuto ndi tsiku loliveka basi.

Tsiku limenelo limafuna mpweya wambiri nthawi imodzi. Mumachotsa kamtima ka valavu kuti njira ikule, mumapaka madzi a sopo m'milomo ya tayala, kenako kompuresa n'kuuzira mwaukali mpaka mutamva "tho! tho!", ana n'kubalalika, galu n'kulowa pansi pa nkhokwe. Phokoso limenelo ndiye uthenga woti zatheka.

Koma kompuresa sungakwere nayo phiri la Zomba, choncho amalonda aona pogwira. Kuli timabotolo ta CO2, tambiri ta magalamu 16, timene timakhuthula zonse m'kuphethira kwa diso. Timazizira moti chala chosavala kanthu chimamva ngati chapsa, ndipo utomoni uja sugwirizana nato kwenikweni. Kuli timapampu ta batire tokwana m'thumba, monga ta Cycplus, tolira mokweza kuposa msinkhu wake. Timeneti n'tabwino powonjezera mpweya, koma nato timakhulupirira mwambi wa makolo, kotero tayala likakhala louma mutu timangolira mpaka batire kutha.

Chimene chandigwira mtima ndi thanki: ya Airshot yoima payokha, kapena yomangiriridwa ku pampu ngati pa Bontrager Flash Charger ndi Topeak JoeBlow Booster. Mumapopera m'thankimo mpaka cha m'ma 160 psi, kuwirikiza kangapo zimene tayala la njinga yamapiri limafuna poyenda, kenako n'kutsegula kamodzi. Ndikudziwa kuti agogo akanadzuka apa akanaloza chala: "Nanga thankiyo mwaidzaza bwanji, si pang'onopang'ono?" Zoona, agogo. Koma munaiwala kutiuza kuti chotengeracho chikhale chosadontha.

Funsani munthu amene ankasunga ndalama za malata mwezi ndi mwezi pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sanali waulesi, sanali wosaleza mtima, ankangopopa tayala losatseka. N'chifukwa chake sindinyoza amayi a chipereganyu. Iwo anatulukira thanki kalekale: aliyense aponyamo pang'ono, koma wolandira alandire zonse tsiku limodzi, agule malatawo mtengo usanasinthe. Kuuza munthu wotere kuti adekhe, pamene ukuona kuti zake zikutulukira m'mbali, ndi nkhanza zovala chipewa cha nzeru.

Tikabwerera ku matayala, alipo ena amene amapanga thanki yawoyawo ndi botolo la pulasitiki la malita 2. Amenewo musaime nawo pafupi. Ena amayamba alowetsa chubu, kupopa kuti milomo ikhale m'malo, kutsegula mbali imodzi, kuchotsa chubucho, n'kutsala ndi theka la ntchito. Ndipo tayala likang'ambika kwambiri kutchire, utomoni umangolavukira panja, kotero wokwera njinga yopanda chubu aliyense amene mutu wake ukuyenda bwino amanyamuka pakhomo ndi chubu m'thumba.