Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Makolo athu gitala wamagetsi sankamudziwa, koma mwambi wawo wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko unakagwira ntchito mpaka ku Washington, D.C. M'mimba mukabwadamuka pakati pa usiku, sudikira kuti amfumu aitanitse msonkhano. Umadzambatuka, nsapato uzikumbukira pobwerera.

Mu 1980, Ian MacKaye ndi Jeff Nelson anali anyamata a ku Washington, D.C., oimba punk, nyimbo zaliwiro ndi zaphokoso ngati chigayo choluma mwala. Kampani yozifuna panalibe. Iwo anatenga madola 600 amene gulu lawo la Teen Idles linasunga, n'kutsegula kampani yawoyawo, Dischord Records. Zikuto za malekodi ankadula okha, kupinda okha, kumata okha ndi guluu.

Kenaka anayambitsa Minor Threat, gulu lomwe linatha mu 1983 lisanamere n'komwe ndevu. Nyimbo yawo ya "Straight Edge" siikwana mphindi imodzi, koma inabala khamu la achinyamata okana mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ojambula X kuseri kwa dzanja. Abusa ena amatha mawu chaka chathunthu osatembenuza anthu ochuluka chotero.

MacKaye atayambitsa gulu lina la Fugazi mu 1987, khalidwe linali lomwelo: pakhomo madola 5, ana aloledwe kulowa, malaya olembedwa dzina la gulu osagulitsa. Makampani aakulu atabwera ndi ndalama, anabwerera nazo. Mu 2005 kampani ya Nike inakopera chithunzi cha pa lekodi ya Minor Threat poitanira anthu ku zochitika zake, mapeto ake inapepesa. Mwaonatu, munthu ukavutika n'kudzitsegulira wekha, amene anali mtulo amadzuka n'kuyamba kugulitsa matikiti pakhomo pomwepo.

Nanga ife a lero? Woimba ali ndi foni yojambula mawu, yojambula kanema, yotumiza nyimbo kutsidya kwa nyanja madzi a tiyi asanawire. Guluu safunikanso. Koma mukamufunsa za chimbale, yankho ndi lakuti, "Bwana, ndikudikira sponsa." Alembe kalata ndani? Sponsa. Apeze holo ndani? Sponsa yemweyo.

M'mimba mukamupota, wa lero amafunda bwinobwino, n'kulemba pa Facebook kuti zinthu zavuta. Anzake amathamangira kuyankha: wina "pepa m'bale", wina "tikukupempherera", wina kachithunzi ka nkhope yolira. Onsewo amamukonda ndithu. Koma kukacha, wochapa bulangeti amakhala yekha.