Malangizo kwa amene digiri inawathera panjira

Munafika chaka chachitatu ku koleji, kenako fizi inasowa, kapena masapu anachuluka mpaka anakuwidani. Lero mwagula envulopu ya khaki, koma cholembera chaima pa mzere wa maphunziro pa CV. Mtima m'malo achimwene, njira zilipo.

Lembani kuti "ndikupitiriza maphunziro". Mawu amenewa saola. Ngakhale munatsanzika anzanu a m'kalasi mu 2014, mukupitirizabe, mumtima. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: musalembe kuti muli ku Polytechnic. Sukuluyo inasanduka MUBAS mu 2021, ndipo abwana a pa intavyu adzadabwa kuti mwana wasukulu wakhama chotere sanaone chikwangwani chatsopano pa msewu wa Chipembere.

Mukaona kuti zimenezo n'zovuta, kwirirani nkhani yonse ya koleji, muonetse MSCE yokha. Pamenepo patsala dzenje la zaka zitatu, ndipo abwana adzaloza ndi cholembera: "Nanga apa munali kuti?" Yankhani kuti munali kumudzi, mumalima. Mlimi safunsidwa transcript. Koma manja anu osalalawo, amene sanagwirepo mpini wa khasu, akhale pansi pa tebulo mpaka intavyu ithe. Akafunsa mtengo wa thumba la feteleza, tsokomolani.

Ena amabwereka gauni ya mnzawo, n'kukajambulitsa panja pa Great Hall ku Zomba. Chithunzicho chimakoma zedi pa Facebook, ndipo agogo amaimba nthungululu. Ku ofesi kokha ndiye amafuna pepala, anthu osayamika.

Pepalalo, paja pali mnyamata wa kompyuta pakona paja amene amapereka digiri tiyi asanazizire, ya chidindo chake chofiira. Pitani ngati mumalakalaka kumalizako kanthu m'moyo uno. MANEB ndi makoleji amasunga mabuku a mayina, kupereka chikalata chabodza ndi mlandu, ndipo ku ndende ya Maula salola munthu kusiyira panjira. Chilango chanu mumachimaliza ndithu, popanda za fizi.

Njira yoopsa kuposa zonse ndaisungira amtima wa mwala. Mulembe mzere umodzi: "Ndinaphunzira zowerengera ndalama zaka ziwiri, ndinasiya chifukwa cha fizi, transcript nayi." Kuopsa kwake n'kwakuti abwana akhoza kukupatsani buku la ndalama pomwepo kuti aone zimene zinatsala m'mutu, ndipo mukakhoza, basi, mudzayamba kudzuka 5 koloko tsiku lililonse. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, choncho amene zaka ziwirizo anazithera pa bawo asayerekeze.

Mwina ntchitoyo inaperekedwa kale kwa mphwake wa abwana, uja anathawa Fomu 2. Envulopuyo kasiyenibe pageti Lachisanu lisanakwane, ndipo alonda muwapatse moni wa manja awiri. Ndi iwo amene amasankha envulopu yokhala pamwamba.