Nthungululu kwa Wotchi Yabodza

Kwa azungu tinatengako taye, mawigi a kukhoti ndi jekete yovala mu Okutobala thukuta lili kamukamu, koma tinasiya nzeru yawo yoposa zonse: kunamiza wotchi. Nyengo yotentha ikayandikira, dziko lonse limapangana kukankha muvi ndi ola limodzi, kuti 5 koloko izitchedwa 6 koloko. Kukayamba kuzizira, olalo amalibweza mwakachetechete. Ndi bodza lokhalo limene boma, mpingo ndi banki amanenera limodzi usiku umodzi, popanda womangidwa ngakhale wodulidwa mumpingo. Bodza lotere n'loyenera kuliimbira nthungululu, ndipo ine ndikuti libwere kuno ku Ntcheu.

Mmodzi mwa amene analilimbikira ndi William Willett, womanga nyumba wa ku England, amene mu 1907 analemba kabuku kodandaula kuti anzake akumagonereza dzuwa litatuluka kale. Munthu wamkulu kuchita kusindikiza kabuku pofuna kuuza anthu kuti kunja kwacha! Kwa Ganya ntchito imeneyo amagwira tambala, ndipo salandira kanthu. Willett anamwalira mu 1915 asanaone chipatso cha khama lake. Chaka chotsatira Germany inakankha mawotchi pofuna kupulumutsa malasha pa nkhondo, ndipo Britain, mdani wake, inatsanzira patangopita masabata ochepa. Ndi nzeru iti ina imene inagwirizanitsa anthu amene akuomberana mfuti?

Ansanje adzati kuno kulibe chopulumutsa. Ku London usana umatalika kupitirira maola 16 mu Juni n'kufupika osakwana 8 mu Disembala, pamene kwathu umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. Adzatinso mlimi wa ku Sharpevale anaithetsa kale nkhaniyi popanda Nyumba ya Malamulo: amalawira kumunda mbandakucha, dzuwa likayamba kuluma pamsana amakoleka khasu paphewa, n'kudzabwereranso litapendeka. Zoona. Koma mlimiyu amachita zimenezi mwaulere, popanda chikalata, popanda nduna yolengeza pa wailesi. Chinthu chopanda sitampa sitingachitche chitukuko.

Phindu lenileni liliponso, lisakwiririke ndi nthabwala. Nthawi yathu imawerengedwa kuchokera pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa, chonsecho Ntcheu ili kupitirira madigiri 34, ndiye dzuwa limatipeza wotchi isanakonzeke. Mu Novembala limatuluka cha m'ma 5 koloko, ndipo pomakwana 6 madzulo lapita. Titakankha muvi, ana a sukulu ku Kasinje akanayamba maphunziro kukadali kayaziyazi n'kuweruka malata asanayambe kuthetheka, ndipo kalaliki wa pa boma akanafika kunyumba kukuwala, n'kuthirira kadimba kake.

Koma ubwino waukulu uli usiku. M'chigwa cha Bwanje, mu Okutobala, khoma la njerwa limasunga kutentha kwa tsiku lonse n'kumakutulutsa pang'onopang'ono anthu akalowa m'nyumba. Wotchi yatsopano ikanatilamula kukagona ola limodzi msanga, mphasa ikadali yofunda, udzudzu ukadali ndi mphamvu zake zonse. Munthu wogona chotero satopa ndi maloto, chifukwa tulo sitibwera n'komwe. Amakhala ndi mpata wowerengera ngongole ya feteleza, wokumbukira amene anabwereka nkhwangwa osabweza, ndi womva zonse zimene akukambirana a nyumba yoyandikana, amenenso atulutsa mphasa pabwalo. Anthu a ku Arizona, dera lachipululu ku America, mphatso imeneyi anaikana mu 1968, ati dzuwa ali nalo lokwanira. Kusayamika.

Nanga magetsi? Chigawo chonse cha Indiana, ku America komweko, chitayamba kukankha mawotchi mu 2006, ofufuza anapeza kuti magetsi ogwiritsidwa ntchito m'makomo anakwera pafupifupi 1 peresenti m'malo motsika, makamaka chifukwa cha makina oziziritsa m'nyumba. Ife manyazi amenewo sangatigwere. M'midzi yambiri nyale ndi tochi ya mabatire kapena kasola ka padenga, ndipo kumene mawaya anafika, magetsi amadziwa kudzipulumutsa okha. Tikanakhala ngati munthu wokhuthula chimanga m'thumba ili kuthira m'thumba ilo, n'kuitana anansi kudzaona zokolola.

Amene akanadyerera kwambiri ndi a ku Lizulu ndi ku Biriwiri, kumene msewu wa M1 umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique. Lero mayiko awiriwa amayendera nthawi imodzi, chinthu chosasangalatsa konse. Ife titakankha wotchi, anzathu a ku Mozambique n'kusiya yawo, msewu ukanakhala ndi nthawi ziwiri. Mayi wogulitsa kachewere ndi kabichi akanatsegula malonda 7 koloko tsidya lino, n'kuwoloka ndi beseni kukatsegulanso 6 koloko tsidya linalo. Bambo amene analonjeza kufika pakhomo 8 koloko akanakhala phee pa benchi ya tsidya ilo, botolo lili m'manja, chikumbumtima chili mbee, pakuti kumene akhalako 8 sinakwane. Pofika kunyumba mlandu ukanafuna ankhoswe a mbali zonse ziwiri, aliyense ndi foni yake, ndipo mafoniwo akanatsutsana malinga ndi netiweki imene agwira. Mwana wobadwa tsidya lino 12 koloko usiku akanatha kukalembetsa tsidya linalo kuti anabadwa dzulo.

Minibasi ya pa depoti siikanavutika, chifukwa imanyamuka ikadzaza. Ng'ombe za Angoni nazo sizikanamva, zikanalira m'khola pa nthawi yake yakale, mbusa n'kumazisonyeza wotchi. Zimenezi n'zongofuna kuphunzitsa, ng'ombe ndi zofatsa.

Tisachite mantha kuti tikhala tokha mu Africa. Namibia inasinthasintha mawotchi kuyambira 1994 mpaka inatopa mu 2017, ndiye mpando wake kuno kummwera uli wopanda munthu. Egypt inasiya mu 2011, inayambiranso mu 2014, inasiyanso, kenako inabwereranso mu 2023. Kumeneko ndiye kulikonda bodza: kulithamangitsa pakhomo, mawa n'kulitumizira uthenga kuti libwerere.

Choncho ndikupempha akuluakulu kuti akhazikitse komiti. Ikakhale kunyanja sabata yathunthu, ndi ma alawansi ake, mafumu a ku Tsangano amene amafunda bulangeti ndi a ku Bilila amene amagona panja akhalemo onse, kuti pasapezeke wodandaula. Zokambirana ziziyamba 8 koloko m'mawa. Ngati ndi 8 yakale kapena yatsopano, nthumwi iliyonse isankhe yokha, bola chakudya chamasana chisasunthe.